Azakhali ndithandizeni: ndili kunja, ndikufuna modeling ndi mafilimu koma paliponse akundibweza

Azakhali, moni. Ndine mtsikana wa zaka 23, ndinachoka kwathu zaka zitatu zapitazo ndipo pano ndili kunja komwe ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri shifiti yausiku. Kunena chilungamo ntchitoyi sindiidandaula, ikundidyetsa komanso ndimatumizako kenakake kwa amayi, kungoti mtima wanga suli pamenepo. Chiyambire ndili wamng'ono ndimafuna za modeling ndi zisudzo, kusukulu sewero lililonse ndinkakhalamo ine, msinkhunso ndili nawo, masentimita 177. Nde chaka chino ndinati ndiyese. Ma audition anayi ndapitako onse andibweza, kwinako mayi wina anandiuza maso ndi maso kuti nkhope ndili nayo koma kayankhulidwe kanga nkolemera anthu sangamve. Tsiku lina ndinapeza mwayi wojambulidwa ndi wophunzira wina wa zamafashoni, wopaka mekapu anakhuthula chikwama chake chonse osapezamo wogwirizana ndi khungu langa, anangondipaka womwe unalipowo nkhope kuchita kutuwa ngati ndagwera paphulusa, ndinakalirira ku toileti. Mnzanga yemwe timakhala nyumba imodzi akuti ndiyambe mafuta oyeretsa khungu pang'ono chabe, ndisinthenso dzina likhale losavuta kutchula.

Panopa pali bambo wina anandipeza pa Instagram, akuti ndi ejenti ndipo ali ndi atsikana ku Paris ndi ku Milan. Akufuna ndalama pafupifupi malipiro anga a mwezi wathunthu, akuti za zithunzi ndi kulembetsa, komanso ndimupatse pasipoti akandikonzere mapepala poti viza yanga ndi ya ntchito ya okalambayi basi. Akuti ndisachedwe malo atsala awiri okha. Amayi sindinawauze chilichonse, kwa iwo modeling ndi uhule basi. Ndimawerenga za ma model ngati Alek Wek kuti anangowaona pamsika nkutchuka, nde ndimadzifunsa kuti ine mwayi wangawo uli kuti? Ndimupatse bamboyu ndalamazi? Kapena ndingozisiya zonsezi?

Wosowa pogwira (dzina ndi dziko tabisa)

Mwana wanga, ndiyambe ndi chomwe chandidulitsa mtima nditawerenga kalata yakoyi. Pasipoti usampatse munthu ameneyo. Kaya anena kuti ndi kwa tsiku limodzi lokha, kaya akutumizira zithunzi za atsikana ali pandege, ayi. Ndalamazonso usatumize ngakhale theka lake.

Ejenti weniweni amadya iwe ukadya, ndi mmene bizinesi imeneyi imayendera. Amakupezera ntchito, kampani ikalipira iye amadulapo komishoni yake, ku modeling nthawi zambiri imakhala cha m'ma 20 peresenti, ochita mafilimu ku America ejenti wawo amatenga 10 peresenti. Nde munthu akayamba ndi kukulipiritsa usanagwire ntchito ngakhale imodzi, dziwa kuti malonda akewo ndi iweyo, thumba lakolo. Za "malo atsala awiri" amanenera dala kuti usapeze mpata wofunsa anthu ena. Koma cha pasipoti ndi choopsa kuposa ndalama chifukwa ndi momwe ozembetsa anthu amayambira, mtsikana pasipoti ili m'manja mwa wina, viza yasokonekera, kupolisi akuopa kupitako, basi aliyense amangomuchita zomwe akufuna. Viza sakonza munthu wa pa Instagram, imatuluka ku ofesi ya boma yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo ejensi yoona ikafuna kukuthandiza mapepala imadzera kwa loya, iwe ukuwerenga ndi kusaina wekha. Ngati ukufuna kudzitsimikizira, funsa bamboyo dzina la ejensi yake, usake wekha pa intaneti nambala ya ofesi yawo, osati yomwe akupatse iye, uimbe ufunse ngati munthu wa dzina limenelo amagwira ntchito kumeneko. Mphindi zisanu zokha zikwana.

Tsopano tibwere pa funso lako lachiwiri, loti ungozisiya. Ine sindikuuza kuti usiye. Koma zinthu zomwe wandilemberazi wazimanga mtolo umodzi pomwe sizofanana, zina nzofunika kukonza ndithu ndipo ukazinyalanyaza zikupweteka, zina nzoti usazikhudze nkomwe.

Choyamba kukonza ndi mapepala. Wanena wekha kuti viza yako ndi ya ntchito ya okalamba. M'mayiko ambiri viza yotere imakumangirira kwa bwana mmodzi kapena mtundu umodzi wa ntchito, ndipo ma model ndi ochita zisudzo nthawi zambiri amawerengedwa ngati odzilemba okha ntchito, chomwe maviza ambiri salola. Ku Britain mwachitsanzo wa viza ya sukulu saloledwa kudzilemba yekha ntchito kapena kugwira ntchito ya zisangalalo. Ku America kuli maviza ake a anthu amenewa, O-1 ya aluso lapadera ndi H-1B3 ya ma model, koma amafuna wokuimirira komanso umboni woti wagwirapo kale ntchito zooneka. Kwina ngakhale ntchito yosalipidwa amaiwerengabe kuti ndi ntchito. Ndikudziwa kuti izi sizokoma kumva kwa munthu amene mtima uli pa siteji, koma taganiza, wapeza kantchito kotsatsa malonda, nkhope yako ili pa chikwangwani mumsewu, kenako pokawonjezera viza akukufunsa kuti ntchito iyi munaigwira ndi chilolezo chiti. Ndalama yomwe umafuna kupatsa bambo uja tapako pang'ono ukakumane ndi loya wa za olowa m'dziko, kapena upite ku mabungwe othandiza alendo omwe amalangiza mwaulere, ufunse funso limodzi lomveka: pa viza iyi ndikuloledwa kuchita chani, ndipo ndi liti zingasinthe. Yankho lake ndi lomwe likuuze ngati chaka chino chili chogwira ntchito kapena chokonzekera.

Za Alek Wek uja. Zoona anamuona pamsika ku Crystal Palace mu London, chinali chaka cha 1995. Koma ku London anafikako mu 1991 ali ndi zaka 14, kuthawa nkhondo kwawo ku Wau, komwe pano ndi South Sudan, ndipo zaka zinayi zapakatizo anthu sazitchula, mwana akuphunzira Chingerezi, akupita kusukulu, akugwira timaganyu. Atamuona pamsikapo sikuti mawa lake anadzuka wotchuka, pachikuto cha magazini ya Elle anafikapo mu 1997. Nkhani ya Djimon Hounsou ndiye imandikhudza kwambiri ine. Anabadwira ku Cotonou ku Benin mu 1964, anapita ku France ali kamnyamata, sukulu inamukanika pakati, anagonapo m'misewu ya Paris. Wojambula wina ndi amene anamulumikiza kwa Thierry Mugler wopanga zovala uja, ndi momwe modeling inayambira. Mu 1990 anawolokera ku America Chingerezi chili chovuta, nkumaoneka m'mavidiyo a nyimbo ndi timbali ting'onoting'ono, mpaka 1997 pomwe Steven Spielberg anamupatsa mbali yaikulu mu filimu ya Amistad. Zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo, ndipo mbaliyo anachita kuphunzirira chiyankhulo cha Mende chomwe sichakwawo. Iwe wapita ma audition anayi. Anayi okha mwana wanga. Pantchito imeneyi kubwezedwa ndi kwa tsiku ndi tsiku ngakhale kwa omwe ali ndi mayina kale, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake sichikhala luso lako, pena amangofuna wamfupi woti agwirizane ndi mnzake wosewera naye.

Chomwe usakhudze ndi khungu lako. Mnzakoyo mwina akunena mokufunira zabwino koma akukusokeretsa. Mafuta oyeretsa khungu ambiri amakhala ndi hydroquinone, ma steroid, ena mpaka mercury. Khungu limapyapyala, timitsempha timayamba kuonekera, pena pamatuluka zigamba zakuda zomwe sizichokanso, ndipo mercury imawononga impso. Za "pang'ono chabe" palibe, ukasiya khungu limabwerera mosalingana nde umapitirizabe. Komanso tangoganizira za bizinesi yeniyeniyo, kamera yamphamvu imaona chilichonse, mfundo za zala zakuda nkhope yoyera, ndani akulembe ntchito? Alek Wek anatchuka ndi khungu lomwelo lakuda bii ndi tsitsi lalifupi, mu 1998 pachionetsero china ku New York anamuveka wigi yoyera iye anaivula ali pa siteji pomwepo nkuiponya. Lupita Nyong'o, wosewera mafilimu wa ku Kenya, anafotokozapo poyera mu 2014 kuti ali mwana ankapemphera kuti adzuke atayerako, ndipo chinamusintha maganizo ndi kumuona Alek Wek akutchedwa wokongola dziko lonse. Chaka chomwecho Lupita analandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America.

Za mekapu zija zandipweteka chifukwa cholakwa sichinali chako, wopakayo ndi amene anabwera kuntchito zida zosakwana. Koma nzakale. Iman, model wa ku Somalia, atafika ku New York m'ma 1970 wopaka mekapu anamufunsa ngati wabweretsa wakewake, ndipo kuchokera pamenepo anayamba kusakaniza yekha mitundu nkumayenda nayo mchikwama, mpaka mu 1994 anatsegula kampani yake ya mekapu a akhungu lakuda. Iwenso pita kusitolo masana, uyese pansagwada, utuluke panja uone padzuwa osati pamagetsi amkati, womwe wasowa pakhungu osaoneka malire ndi wako ameneyo. Uziyenda nawo kulikonse pamodzi ndi chipeso chako ndi mafuta a tsitsi lako, ndipo wina akayamba kukupaka zotuwa uzinena mwaulemu nthawi yomweyo kuti uwu si wanga, wanga ndi uwu. Kulira kutoileti kusachitikenso.

Dzina lisiye momwe liliri. Anthu anaphunzira kutchula Nyong'o, anaphunzira Hounsou. Thandiwe Newton dzina lake linalembedwa molakwika mufilimu yake yoyamba, w anamusiya, anakhala nalo choncho zaka pafupifupi 30 mpaka mu 2021 pomwe ananena kuti alibwezeretse.

Kayankhulidwe ndi komwe ndikufuna tikhalitsepo pang'ono chifukwa apa pali mbali ziwiri ndipo mayi anakubweza uja mwina anali ndi kachilungamo pang'ono ngakhale ananena mopweteka. Kumveka bwino ndi luso, wosewera aliyense amaliphunzira. Ife olankhula Chichewa tili ndi tizolowezi tathu tikamayankhula Chingerezi, l ndi r timazisinthanitsa osazindikira, kumapeto kwa mawu timakonda kuikako i, ndiye tikachita mantha timathamanga mawu nkumamezana. Zimenezi zimakonzeka. Tenga foni, werenga ndime imodzi mokweza ukudzijambula, umvetsere, upatse munthu wa komweko amvetsere osayang'ana pepala akuuze mawu omwe sanawamve, uwalembe, mawa ubwerezenso. Pa shifiti yausiku ija okalamba akagona, m'malo mongoyendayenda pa Instagram, mphindi 20 zokha tsiku lililonse. Ndipotu okalamba ukuwasamalirawo ndi aphunzitsi abwino, ambiri makutu anayamba kuvuta, ukatha kuyankhula kuti gogo wa zaka 85 akumve osabwereza ndiye kuti wa kumpando wakumbuyo muholo akumvanso. Ukapeza kandalama lowa kalasi ya zisudzo yamadzulo, komanso kuli aphunzitsi a katchulidwe ka mawu, Angerezi ndi a ku Australia omwe amasewera ngati Amereka m'mafilimu amadzera kwa iwowa. Kuphunzira kayankhulidwe ka eni dziko kuti uzikagwiritsa ntchito mbali ikafuna, chita ndithu, ndi khasu lowonjezera. Koma kako usakataye. Lupita yemweyo ananenapo kuti ali kusukulu ya zisudzo ya Yale School of Drama ku America analimbana kuti azimveka ngati Mmereka, kenako anadzimva ngati wadzitaya nkusankha kubwerera ku mawu ake. Mbali za anthu obwera, anamwino, ophunzira, othawa nkhondo, amayi a ku Africa, zilipo m'mafilimu ndipo wobadwira komweko amachita kuvutikira chomwe iwe uli nacho kale. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kako nkameneko.

Mapepala akalola, kuyamba kwake sikufuna ndalama. Ma ejensi oona amafuna zithunzi wamba, amazitcha ma digital. Imirira pafupi ndi windo m'mawa, kumbuyo kukhale khoma lopanda kanthu, nkhope yosapaka chilichonse, tsitsi ulikokere kumbuyo, jinzi ndi kamalaya kakuda kokugwira thupi, mnzako akujambule ndi foni nkhope chakutsogolo, cham'mbali, ndi thupi lonse. Fyuluta ayi. Utumize kudzera pa fomu yomwe ili pa webusaiti ya ejensiyo pamodzi ndi miyezo yako yoona. Wina aliyense wopempha zithunzi zosavala si ejenti. Masentimita 177 ndi msinkhu wokwana pa zionetsero za mafashoni, kumeneko akazi amawafuna kuyambira cha m'ma 175, koma ndikuuze zoona kuti ambiri kumeneko amayamba ali aang'ono kuposa iwe. Ntchito zambiri zili kotsatsa malonda, zovala zogulitsa pa intaneti, mafuta odzola, mabanki, mafoni, ndipo kumeneko zaka 23 si nkhani. Zisudzo ndiye zilibe msinkhu. Chiyambire mliri wa COVID mu 2020 ma audition ambiri oyamba umadzijambula wekha kunyumba nkutumiza, zomwe zili bwino kwa munthu wa shifiti ngati iwe, ndipo ophunzira za mafilimu m'makoleji nthawi zonse amasaka osewera, timavidiyo timeneto ndi tomwe umadzalumikiza nkukhala ndi choonetsa kwa ejenti.

Ntchito ya okalambayo usaisiye msanga, ngakhale utasainidwa. Ichi anthu sakonda kunena. Ejensi ikakulipirira ndege, nyumba yogona ma model ndi makadi a zithunzi, imeneyo ndi ngongole, adzadula pa malipiro ako, ndipo malipirowo amatha kuchedwa miyezi. Mu 2023 nyuzipepala ya The Sunday Times inalemba za atsikana otengedwa kumsasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya kupita ku Ulaya, ena anabwezedwa kumsasa komweko ali ndi ngongole pamutu. Ku New York anachita kukhazikitsa lamulo lomwe layamba kugwira ntchito mu 2025 loti komishoni isapitirire 20 peresenti, lamulo lotere silibwera popanda anthu omwe anadyeredwa masuku pamutu. Kumafilimu nakonso, Barkhad Abdi wa ku Somalia ankayendetsa galimoto ku Minneapolis pomwe anasankhidwa kusewera ndi Tom Hanks mu Captain Phillips ya 2013, anawina BAFTA, mphoto ya mafilimu ya ku Britain, ndipo dzina lake linalowa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar, koma kujambula kutatha anabwerera kukagulitsa mafoni mushopu ya mchimwene wake. Hounsou yemwe uja, wolowa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar kawiri, wakhala akudandaula poyera kuti samulipira moyenera. Nde kontilakiti iliyonse uzipita nayo kunyumba, uwerenge zomwe azidula, zaka zingati, ndipo ukafuna kutuluka utuluka bwanji. Zomwe sungavale kapena kuchita zilembedwe momwemo. Halima Aden, wobadwira ku Kakuma nkukulira ku Minnesota, analembetsa mu kontilakiti yake kuti hijab sadzavula, ndipo ataona kuti malire ake akukankhidwabe pang'onopang'ono anachoka pa zionetsero mu 2020.

Amayi auze wekha chithunzi chako chisanawafike kudzera kwa munthu wina. Akamati uhule, chomwe akuopa ndi anthu ngati bambo wa pa Instagram yemweyo, ndipo pamenepo sakulakwa. Uwafotokozere ngati ntchito, kuti uzidzajambulidwa utavala zotani, akulipira ndani, ntchito ya okalamba ukupitiriza, ndi zomwe unakana. Mwina sakondwa tsiku loyamba, apatse nthawi, koma akhale akudziwa komwe ukupita tsiku lililonse lomwe wapita kokajambulidwa, iwo ndi mnzako mmodzi wa komweko yemwe ali ndi adiresi ya malowo.

Undilemberenso ukamva zomwe loya wanena za viza, tidzaone poyambira. Bambo uja sunga kaye mauthenga ake onse, umunene kwa a Instagram kuti asakole mwana wina, kenako umubuloke lero lomwe.

Azakhali